Alendo a Mapiko a M'nyengo Yacisanu



Mwezi uno, pamene ife tili kalikiliki ndi khasu m'minda ya cimanga, anzathu a ku Britain ali pakati peni-peni pa nyengo yacisanu. Ambiri a inu muli ndi ana kapena adzukulu amene akugwira nchito m'dzikolo, ndipo akaimba foni, nkhani yao yoyamba imakhala ya kuzizira ndi mdima. Sanama ai. Ca kumapeto kwa Disembala, usana wa mumzinda wa London sukwana maola 8. Mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba onse, udzu umadzuka uli mbuu ndi cisanu, ndipo masiku ena nthaka imauma gwa ngati mwala cifukwa madzi a m'dothi aundana. Munthu angaganize kuti camoyo ciliconse cathawa. Komatu ndi nthawi yomweyi pamene m'timinda ta kuseri kwa nyumba mumatera alendo a mapiko ocokera kutali, ndipo alipo mabanja ambiri amene amawayembekeza monga momwe ife timayembekezera mvula yoyamba. Tiyeni lero tikambe za alendo amenewa.

Eni mudzi ndi alendo

Mbalame zimene tikunenazi ndi za banja lodziwika pa Cingerezi ndi dzina lakuti thrush. Ndi za msinkhu wapakati, zambiri zili ndi mawanga pacifuwa, zimakonda kudumpha-dumpha pansi kufunafuna nyongolotsi, nkhono ndi tizirombo, ndipo zikapeza mtengo wa zipatso sizicokapo msanga. Ku Britain kuli mitundu itatu ya banjali imene imaoneka pakhomo caka conse. Pali blackbird, imene yaimuna yake ndi yakuda bii ndi mlomo wacikasu. Pali song thrush, katswiri wa nyimbo, imene imaswa nkhono pamwala kuti idye za m'kati. Palinso mistle thrush, yaikulu pa zonse. Awa ndiwo eni mudzi. Alendo alipo awiri.

Woyamba ndi redwing, dzina lotanthauza phiko lofiira. Ndiyo yaing'ono pa zonse. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 21, kulemera kwake pafupifupi magalamu 60, ndiye kuti imaposa pumbwa wathu pang'ono cabe. Msana wake ndi wodera, cifuwa coyera ca mizere yakuda. Zizindikiro zake zeni-zeni ndi ziwiri: mzere woyererako pamwamba pa diso, ngati wina waipaka ufa pansidze, ndi kufiira kwa m'nthiti ndi kunsi kwa phiko, kofanana ndi dothi la katondo.

Waciwiri ndi fieldfare, dzina lakale kwambiri limene ambiri amalimasulira kuti woyenda m'minda. Iyi ndi yokulirapo, masentimita 25, thupi lake ngati la njiwa yaing'ono. Mutu ndi m'ciuno ndi motuwa ngati phulusa, msana wofiirira, mcira wakuda, cifuwa cacikasu ca mawanga akuda. Ikatera imaima cilili, mutu m'mwamba, monga mlonda. Imakonda kuyenda pagulu, ndipo gululo likamauluka limamveka ndi kulira kwaukali kwakuti chak-chak-chak. Kwao kumene imaswana, imamanga zisa moyandikana, ndipo khwangwala akayesa kuba mazira, zonse zimamuukira pamodzi ndi kumuwaza zitosi mpaka nthenga zake zitamatana. Zakuti mutu umodzi susenza denga, nazonso mbalame zizidziwa.

Cimene cimazicotsa kwao

Mbalame ziwirizi zimaikira mazira kumpoto kwa Ulaya, makamaka ku Norway, Sweden, Finland ndi Russia, ndipo redwing ina imaswana pa cisumbu ca Iceland. M'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi maiko amenewo ndi a mwana alirenji kwa mbalame. Dzuwa limacedwa kulowa, kwina sililowa n'komwe, tizirombo timaculuka, ndipo kholo limakhala ndi nthawi yokwanira yodyetsa ana. Koma pofika Okutobala zinthu zimatembenuka. Usiku umatalika, nthaka imaundana, ndipo cipale cofewa, madzi aja oundana amene amagwa ali oyera ngati thonje, cimakwirira zonse.

Ambiri amaganiza kuti mbalamezi zimathawa kuzizira. Kuzizira pakokha sikuziopsa kweni-kweni, pakuti nthenga ndi bulangeti labwino koposa. Cimene zimathawa ndi njala. Nyongolotsi ili pansi pa dothi louma gwa, mlomo sungaboole. Zipatso za m'thengo, makamaka za mtengo wa rowan, zikatha, palibenso cina. Thupi la mbalame ndi lotentha kuposa lathu, limapitirira madigiri 40, ndipo kuti moto umenewo usazime usiku wonse wautali pafunika nkhuni, ndico cakudya. N'cifukwa cake caka cimene rowan wabereka kwambiri kumpoto, fieldfare zambiri zimacedwa kunyamuka, ndipo caka cimene walephera zimafika msanga ndiponso mwaunyinji.

Nanga zisankhiranji Britain, popeza nakonso kumazizira? Yankho lake ndi nyanja. Madzi ofunda ocokera kum'mwera amayenda m'nyanja ya Atlantic mpaka ku magombe a Britain ndi Ireland, motero nthaka ya kumeneko siundana nthawi yaitali monga ya ku Finland kapena Russia. Malo amene mwana wanu akuti ndi ozizira koopsa, kwa redwing ndi malo ofunda. Zina zimapitirira mpaka ku France, Spain ndi Portugal, ngakhale kumpoto kwa Africa. Kuno kwathu sizifika.

Ulendo wa usiku

Zoyamba zimafika kumapeto kwa Seputembala, koma khamu lalikulu limabwera mu Okutobala ndi Novembala. Zocokera ku Norway zimaoloka nyanja ya North Sea, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, popanda potera. Za ku Iceland zimauluka makilomita pafupifupi 800 kuti zifike ku Scotland. Zisananyamuke zimadya kwambiri kuti zisunge mafuta m'thupi, ndipo mafutawo ndiwo kamba wa paulendo. Mphepo ikazitembenukira pakati pa nyanja, zina zimatera zili lefu pa zombo ndi pa nsanja zokumbira mafuta, zina zimagwa m'madzi ndi kuthera pomwepo.

Redwing imakonda kuyenda usiku. Munthu akaima panja usiku wa bata mu Okutobala, ngakhale pakati pa mzinda, amamva kaliu koonda ngati ulusi, kakuti tsiii, kocokera mumdima wa kumwamba. Akatswiri amakhulupirira kuti umu ndi mmene zimaitanirana kuti gulu lisabalalike. Ozolowera akamva kaliu kameneka amadziwa kuti nyengo yasintha, monga momwe mlimi wa kuno amadziwira kuti mvula yayandikira akaona mitengo ya m'thengo yaphuka masamba ofiira.

Njira zimaidziwa bwanji mumdima? M'zaka za m'ma 1960 akatswiri anayesa mitundu ina ya mbalame zoyenda usiku. Stephen Emlen wa ku America anaziika m'nyumba ya denga loonetsa nyenyezi, napeza kuti zimalunjika potsata nyenyezi za kumpoto. Ku Germany, Wolfgang Wiltschko anaonetsa kuti mbalame zimamvanso mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, yomwe ija imatembenuza singano ya kampasi.

Njala ikazifikitsa pakhomo

Zikafika, redwing ndi fieldfare sizithamangira ku nyumba za anthu. Ndi mbalame zamantha, za kuthengo. Zimayamba ndi mipanda ya mitengo yamoyo imene alimi a ku Britain amalekanitsira minda yao, momwe muli mtengo waminga wa hawthorn wobereka tizipatso tofiira. Timeneto tikatha, zimatsikira m'mabusa a ng'ombe ndi nkhosa kukafuna nyongolotsi, kawirikawiri mitundu iwiriyi pamodzi. Zimadyanso zipatso za holly, mtengo wa masamba obaya umene anthu a kumeneko amakongoletsera nyumba ndi machalichi pa Khrisimasi. Zaka zina opita kukathyola nthambi amapeza redwing yawatsogolera kale.

Koma cisanu cikakula, cipale cofewa n'kukwirira mabusa, mantha aja amatha. Njala ilibe manyazi. Pamenepo mbalame zimalowa m'midzi ndi m'mizinda, n'kutera pakhomo pa munthu. Kuona fieldfare pawindo ndi cimwemwe kwa mwini nyumba, koma kwa mbalameyo ndi cizindikiro cakuti zinthu zathina, ndipo mwina ikapanda kudya lero siliona dzuwa la mawa.

Pali zaka zina zosaiwalika. Mu 1962 cipale cofewa cinayamba kugwa pa 26 Disembala, ndipo m'malo ambiri sicinasungunuke mpaka Malichi 1963. Ngakhale nyanja inaundana m'magombe ena a ku Kent. Mbalame zosawerengeka zinafa, ndipo redwing inali pakati pa zimene zinavutika koposa. Mu Januwale 2010, ndiponso kumapeto kwa Febuluwale 2018 pamene mphepo yozizira inaomba kucokera ku Siberia, anthu ambiri amene anali asanaonepo fieldfare anaipeza itatera pakhomo pao.

Tsono olandira alendo amacita zotani? Mbalamezi sizidya mbeu zimene anthu amapacika m'timabotolo kaamba ka mpheta ndi timbalame tina. Zimafuna zipatso, ndipo zimadyera pansi. Motero mwini nyumba amasesa cipale cofewa pamalo pena, n'kuyalapo maapozi odula pakati, ngakhale ofumbwa kapena oyamba kuola. Amaswa madzi oundana m'mbale yomwera, cifukwa ludzu nalo limapha. Amene ali ndi mtengo wa maapozi satola onse ogwa pansi. Oganiza za mtsogolo amabzala rowan, cotoneaster kapena pyracantha, zimene zipatso zake zimakhala panthambi nthawi yaitali, ndipo sadulira mpanda mpaka nyengo yacisanu itatsala pang'ono kutha. Mphaka amamusunga m'nyumba, pakuti mbalame yofooka siuluka msanga.

Pali cina coseketsa. Fieldfare ija yokonda gulu, ikapeza maapozi panthawi ya njala, imasanduka nkhalwe. Imodzi imalanda malo onse, n'kumathamangitsa inzake ndi eni mudzi omwe, mpaka nthawi yodya imathera kulondera. Ozindikira amamwaza maapozi m'malo atatu kapena anai otalikirana, kuti waumbomboyo alephere kuyang'anira ponse.

Akulu anati mlendo ndi mame. Pofika Malichi, masiku atayamba kutalika, redwing zimasonkhana pamwamba pa mitengo yaitali ndi kuyimba capansi-pansi zonse pamodzi, ngati kwaya imene ikukonzekera. Pofika kumapeto kwa Epulo pafupifupi zonse zapita. Zotsala kuti ziswane ku Britain ndi zowerengeka cabe, makamaka kumpoto kwa Scotland. Cisa coyamba ca fieldfare codziwika m'dzikolo cinapezeka pa zisumbu za Orkney mu 1967.

Mphete pamwendo

Anthu anaona kale kuti mbalame zina zimabwera ndi kupita. Mneneri Yeremiya, pa mutu 8 ndime 7, anachula mbalame zosunga nyengo ya kubwera kwao podzudzula anthu osasunga malamulo. Koma kumene zimapita kunali kosadziwika kwa zaka mazana ambiri. Aristotle wa ku Greece ankaphunzitsa kuti namzeze ena amabisala m'mauna nyengo yacisanu, ndipo mpaka m'zaka za m'ma 1700 anthu ophunzira ena ankakhulupirira kuti amagona m'matope pansi pa madziwe.

Umboni wodabwitsa unapezeka mu 1822 pafupi ndi Klütz ku Germany. Kumeneko kunaphedwa dokowe woyera ali ndi mkondo wa ku Africa wolasa pakhosi. Anali atauluka nao ulendo wonse wobwerera kwao. Mbalameyo isungidwa mpaka lero pa yunivesite ya Rostock. Mu 1899 mphunzitsi wina wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete topepuka tacitsulo pamwendo, tolembedwa nambala ndi keyala. Ku Britain nchitoyi inayamba mu 1909. Namzeze wina amene anavekedwa mphete ku Staffordshire mu Meyi 1911 anapezeka ku Natal, South Africa, mu Disembala 1912, mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000.

Mphete zomwezi zinaulula khalidwe la redwing. Namzeze amabwerera kumalo amodzi caka ndi caka, koma redwing m'nyengo yacisanu ilibe khomo limodzi. Imene yavekedwa mphete ku England caka cino, caka camawa ingapezeke ku Italy, ku Greece, ngakhale ku Georgia. Imatsata mphepo ndi cakudya. Conco amene akuidyetsa maapozi lero adziwe kuti mwina sadzaionanso. Akuidyetsa kuti ikafike kwao.

Misampha ya panjira

Si nyanja ndi cisanu zokha zimene zimapha mbalamezi. Itatha nkhondo yaikulu mu 1945, alimi a ku Britain anazula mipanda yambiri ya mitengo kuti makina aakulu ayende bwino m'minda. Pozula mpanda anazula nkhokwe ya mbalame. Lamulo loteteza mipanda yofunika ku England ndi Wales linabwera mu 1997, yambiri itapita kale. Eni mudzi nao anavutika: pakati pa 1970 ndi 1995 ciwerengero ca song thrush cinatsika kuposa theka.

Kum'mwera kwa Ulaya mbalame za banjali zimaonedwa ngati ndiwo zapamwamba, ndipo ku France, Italy ndi Spain lamulo limalola kuzisaka ndi mfuti m'nyengo yake. Mwina mudabwa kumva kuti ulimbo si wa anyamata a kwathu okha. Kum'mwera kwa France, m'dera la Provence, alenje ankapaka ulimbo pa timitengo kuti agwire mbalamezi, mwambo wa makolo ao. Mu Malichi 2021 khoti lalikulu la maiko a European Union linagamula motsutsa mcitidwewu, cifukwa ulimbo susankha mbalame, ndipo mu Juni caka comweco khoti la ku France linauletsa.

Taonani tsono: mbalame yoswedwa ku Finland, yodyetsedwa ku England, ingakathere mumphika ku Spain. Palibe dziko limodzi limene lingaisunge palokha. Moyo wake uli m'manja mwa anthu ambiri osadziwana, aliyense pakhomo pake.

Ola limodzi pawindo

Kodi kucepa kwa mbalame kumadziwika bwanji? Mbali yaikulu ya yankho ndi anthu wamba. Bungwe loteteza mbalame la RSPB, limene linayambitsidwa mu 1889 ndi amai okana kuvala zipewa za nthenga, linayamba mu 1979 kupempha ana kuti awerenge mbalame za pakhomo pao. Lero mwambowu, wa dzina lakuti Big Garden Birdwatch, umacitika kumapeto kwa Januwale caka ciliconse, ndipo anthu zikwi mazana ambiri, ana ndi akulu, amatengako mbali. Lamulo lake ndi lapafupi. Munthu amakhala ola limodzi, n'kulemba mtundu uliwonse umene watera, ndi ciwerengero cacikulu cimene waona panthawi imodzi, kuopa kuwerenga mbalame imodzi kawiri. Bungwe lina, la BTO, linayamba mu 1995 kusonkhanitsa ziwerengero za m'timinda sabata ndi sabata. Zimene gogo mmodzi waona pawindo lake ndi zocepa, koma zikaphatikizidwa ndi za ena kwa zaka zambiri zimaonetsa mtundu umene ukutha nthawi yocitapo kanthu isanapite.

Ngati muli ndi mdzukulu kumeneko, muuzeni ayang'ane zinthu zitatu: mzere wa pamwamba pa diso, mtundu wa m'nthiti, ndi mtundu wa mutu. Mzere woyera ndi nthiti zofiira ndi redwing. Mutu wotuwa ndi mcira wakuda ndi fieldfare. Asatuluke panja mothamanga, akhale cete kuseri kwa galasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga kwathu kuno?

Banja la thrush lilipo m'Zambia muno. Mbalame ija ya mlomo wofiirira ngati lalanje, nthiti zacikasu ndi timizere takuda m'mbali mwa khosi, imene imathamanga pang'ono, n'kuima, n'kutembenuza masamba ouma pansi pa mango ku Chipata kapena ku Lusaka, ndi Kurrichane thrush, mbale weni-weni wa redwing. Iyo ndi mwini mudzi, sipita kutali.

Koma alendo nafenso tili nao, ndipo ino ndiyo nyengo yao. Cisanu cimene cimakankhira redwing ku Britain ndico cimatumiza mbalame zodya tizirombo touluka ulendo wautali koposa, kuoloka cipululu ca Sahara mpaka kuno. Namzeze ambiri amene mumawaona atandandalika pa mawaya m'dzinja, kapena akuthamangitsa inswa mvula itakata, anaswedwa ku Ulaya ndi ku Asia. Palinso kambalame kodera kamanyazi, thrush nightingale, kocokera kum'mawa kwa Ulaya, kamene kamafika ca mu Disembala ndi kuyimba kobisala m'zitsamba zowirira mpaka Malichi. Kwa mbalame zimenezi, munda wanu ndi dambo lanu ndiwo malo opulumukirako.

Sitikana kuti panyumba yosowa ndiwo, mbalame ndi ndiwo. Koma namzeze ali ndi mnofu wanji poyerekeza ndi tizirombo timene amatidyera tsiku ndi tsiku? Mwana wa legeni auzidwe kumene mbalameyo yacokera, ndipo mwina dzanja lake lidzazengereza. Makolo anati mbalame ikatera pauta silasika. Yatera pakhomo pako yakukhulupirira.

Zimene tingacite si zodula. Polambula munda, siyani mkuyu kapena kacere, cifukwa thumba la makala limatha m'sabata zocepa, pamene mtengowo umadyetsa mbalame zaka makumi. Bzalani mabulosi m'mphepete mwa bwalo. Siyani kacitsamba kowirira kumalire a munda, ndipo musakatenthe. M'cilimwe ikani madzi m'phale pamthunzi, pamalo pamene mphaka sangabisale.

Ndipo Lamulungu lina masana, khalani pakhonde ola limodzi ndi ana, kope ndi pensulo zili m'manja. Lembani tsiku, mbalame zimene zatera, ndi cimene zikudya. Imene simuidziwa dzina, funsani agogo, ndipo lembani dzinalo monga alichulira, kaya m'Cinyanja, m'Cinsenga kapena m'Citumbuka. Ana athu ambiri a m'tauni sadziwa maina a mbalame zambiri, ndipo dzina limene silinalembedwe limapita kumanda pamodzi ndi mwini wake. Caka camawa, mwezi womwewu, tsegulaninso kopelo muone ngati alendo anu abweranso.